Makina Asaweruze Zilembo za Chichewa: Phunziro la ku Muzvezve

Funso lakuti ndi pulogalamu iti yabwino yopangira, kusanjira ndi kusungira mafonti limayankhidwa kawirikawiri poyang'ana zinthu ziwiri: mtengo wake ndi kukongola kwa zimene imatulutsa. Yankho lotere limamukwanira wolemba Chingerezi, pakuti palibe fonti ya zilembo za Chilatini imene imalephera kulemba Chingerezi. Wolemba Chichewa, makamaka amene akukhala m'dziko limene Chichewa ndi chiyankhulo cha anthu ochepa, ayenera kuyamba ndi mafunso ena. Kodi chipangizochi chilemba chiyankhulochi chonse, osasiya chilembo ngakhale chimodzi? Nanga zimene zalembedwa lero zidzawerengeka pa makina a munthu wina zaka makumi awiri zikubwerazi? Pulogalamu yolephera mayeso awiriwa siyenera kulandiridwa, ngakhale itakhala yaulere kapena yotchuka pa dziko lonse.

Fonti ndi fayilo imene imauza kompyuta kapena foni mmene ijambulire chilembo chilichonse. Chilembo a ndi chimodzi, koma Times New Roman imachiveka chovala china, Arial china. Kusiyana kumeneku pakati pa chilembo ndi chovala chake ndiko mutu wa nkhani yonseyi, ndipo malo abwino okuonera ndi dera la mtsinje wa Muzvezve, m'chigawo cha Mashonaland West ku Zimbabwe.

Dera limeneli, lozungulira matauni a Kadoma ndi Chegutu, ndi dziko la golide ndi thonje. Mpaka 1982 matauniwa ankatchedwa Gatooma ndi Hartley. Mgodi wa Cam and Motor ku Eiffel Flats, wa Dalny ku Chakari, mafakitale a nsalu a David Whitehead ndiponso mafamu a Azungu zidakoka antchito ambirimbiri ochokera ku Nyasaland, kum'mawa kwa Northern Rhodesia ndi ku Tete. Ena adalembedwa ndi Mthandizi, ena adayenda pansi okha. Ambiri sadabwerere, kwawo adawatcha machona. Zidzukulu zawo zidabadwira m'makomboni momwemo, zimayankhula Chishona kusukulu ndi pamsika, koma Chichewa chidakalipo m'nyumba, m'mapemphero a CCAP ndi a mipingo ina, m'mizikiti, m'magulu othandizana pa maliro ndi pabwalo la Gule Wamkulu.

Malamulo aakulu a dziko la Zimbabwe a mu 2013, m'gawo 6, adavomereza ziyankhulo 16, ndipo pa mndandandawo Chichewa ndicho chidalembedwa koyamba. Koma kuvomerezedwa ndi lamulo sikudzaza mashelefu ndi mabuku. Mwana wa ku Rimuka kapena ku Pfupajena amakumana ndi Chichewa cholembedwa m'malo ochepa kwambiri: pa kapepala ka ndondomeko ya maliro a agogo ake, pa pepala la nyimbo za kwaya, pa chiliza, pa malaya a bungwe la amayi, pa khadi la ukwati. Zinthu zimenezi zimakonzedwa m'timashopu tosindikiza, nthawi zambiri pa CorelDRAW kapena Microsoft Word, ndi munthu amene mwina Chichewa sachiwerenga n'komwe. Ku Lilongwe kapena ku Chipata, pepala limodzi lolakwika limamira m'mapepala ena olondola. Ku Muzvezve pepala lolakwikalo likhoza kukhala Chichewa chokhacho chimene mwanayo aone chaka chonse, ndipo chiliza chimaima zaka zambiri kuposa amene adachilemba.

Zosowa za Chichewa pa makina si zambiri, ndipo n'chifukwa chake zimaiwalika. Choyamba ndi ŵ, w wokhala ndi kachizindikiro konga tsindwi la nyumba, monga m'mawu akuti Malaŵi, nthaŵi, aŵiri. Chachiwiri ndi nkhodolero, kachizindikiro ka pamwamba kamene kali mu ng'ombe, Mang'anja, m'nyumba ndi n'chifukwa. Mu ng' nkhodoleroyo si chokongoletsera. Ndiyo imasiyanitsa liwu la mu ng'oma ndi la mu ngoma. Chachitatu ndi zizindikiro zosonyeza kukwera kwa liwu, zimene wolemba kalata sazifuna koma wolemba mtanthauziramawu kapena buku lophunzitsira amazifuna, kuti asiyanitse mténgo wa m'nkhalango ndi mtengo wa pamsika. Zilembo á, é, í, ó, ú zimapezeka m'mafonti ambiri chifukwa ziyankhulo za ku Ulaya zimazigwiritsa ntchito. Koma ḿ, amene amafunika pamene m waima yekha ngati phatikizo ndipo liwu lakwera, amasowa m'mafonti ochuluka.

Zimene zimachitika makina akalephera kunyamula chilembo siziyenera kupekedwa, pakuti Chishona chidadutsamo kale. Mu 1931 katswiri wa ziyankhulo Clement Doke adatulutsa lipoti lake logwirizanitsa kalembedwe ka Chishona, ndipo kalembedweko kadali ndi zilembo zapadera zisanu ndi chimodzi: ɓ, ɗ, ŋ, ʋ, ȿ ndi ɀ. Chilichonse chinkaimira liwu lenileni la m'kamwa mwa anthu. Mu 1955 zonsezo zidachotsedwa, ndipo chimodzi mwa zifukwa zazikulu chidali chakuti makina otayipira ndi osindikizira a nthawiyo adalibe zilembozo. Kwa zaka khumi ndi ziwiri mawu ena osiyana ankalembedwa mofanana, kufikira mu 1967 pamene kusiyanako kudabwezeretsedwa ndi bh, dh, vh ndi n'. Dzina la mtsinje lenilenilo ndi mboni: Azungu ankalemba Umsweswe, kalembedwe ka Doke kakadalemba Muɀeɀe, ndipo lero ndi Muzvezve. Chilembo ɀ chidalowa m'dongosolo la makompyuta la Unicode mu 2005, patatha zaka 50 chichotsedwereni m'sukulu. Kaya zv ndi wabwino kuposa ɀ kapena ayi, imeneyo ndi nkhani ya eni Chishona. Phunziro la Achewa ndi lakuti pa chigamulo chija makina adali ndi mawu aakulu.

Masiku ano makina alibenso chowiringula chotere. Unicode, imene idayamba mu 1991, imapatsa chilembo chilichonse nambala yakeyake yodziwika pa dziko lonse. Ŵ wamkulu ndi U+0174, ŵ wamng'ono ndi U+0175. Zilembozi zidalowa msanga chifukwa chiyankhulo cha ku Wales nachonso chimazigwiritsa ntchito, ndipo mafonti odziwika a Windows monga Arial, Calibri ndi Times New Roman ali nazo. Vuto limabwera ndi mafonti okometsera, opindapinda ndi onenepa, amene okonza makadi ndi zikwangwani amawakonda ndipo amawatsitsa mwaulere pa intaneti. Ambiri mwa iwo ali ndi A mpaka Z basi. Akakumana ndi ŵ, pulogalamu imabwereka chilembocho ku fonti ina, n'kuoneka ngati dzino la golide m'kamwa, kapena imaika kabokosi kopanda kanthu. Wosindikiza wofulumira amangofufuta katsindwiko, kasitomala n'kulandira mapepala ake osadziwa kuti wina wamusinthira kalembedwe.

Pali njira yachidule imene anthu ochenjera amagweramo, ndipo iyenera kukanidwa poyera. Munthu amatsegula fonti, n'kujambula ŵ pamalo a chilembo chimene Chichewa sichigwiritsa ntchito, monga q kapena x, kuti akadina q pazituluka ŵ. Papepala zimaoneka bwino. Koma m'fayilomo mudakali q, ndipo mawuwo akangotumizidwa pa WhatsApp kapena kutsegulidwa pa kompyuta ina, nthaŵi imasanduka nthaqi. Dziko la Myanmar lidalipira mtengo waukulu pa njira yofanana nayo. Fonti yotchedwa Zawgyi, imene sinkatsata malamulo a Unicode, idafala m'mafoni ambiri mpaka anthu a dziko limodzi ankalephera kuwerengerana mauthenga, ndipo boma lidachita kukhazikitsa tsiku la 1 Okutobala 2019 kuti onse asamukire ku Unicode. Chiyankhulo chomwazikana m'maiko anayi kapena asanu sichingakwanitse chisokonezo chotere. Mwana wa ku Chegutu akafuna dzina la agogo ake m'kaundula wa mpingo wa ku Dedza, zimene walemba ziyenera kukhala zilembo zomwezo zimene mlembi wa ku Dedza adalemba.

Tsono mapulogalamu enieniwo. Ntchito zake zilipo zitatu, ndipo kuzisakaniza ndiko kumawonongetsa anthu ndalama ndi nthawi: kusankha ndi kusanja mafonti amene alipo kale, kupanga kapena kukonza fonti, ndi kusunga zimene zapangidwa. Anthu ambiri amene amafunsa za pulogalamu yopangira mafonti safunikira kupanga fonti konse. Amafunikira yoyamba ija.

Pulogalamu yosanjira mafonti imagwira ntchito ngati ya woyang'anira nkhokwe: imaonetsa zimene zilimo, imaziika m'magulu, imatsegula zofunika lero n'kutseka zina kuti kompyuta isalemedwe. Pa Windows pali NexusFont, yaulere ndi yopepuka, yoyenera makompyuta akale amene ali m'timashopu tambiri. FontBase imagwira pa Windows, Mac ndi Linux, ndipo mbali yake yaulere ndi yokwanira pa ntchito wamba. Makompyuta a Apple amabwera ndi Font Book. Posankha pakati pa amenewa, chofunika kuposa zonse ndi chakuti pulogalamuyo ilole munthu kulemba mzere wakewake woyesera n'kuuona m'mafonti onse nthawi imodzi, ndiponso izionetsa mndandanda wa zilembo zimene zili m'fonti iliyonse. Mzere woyesera ukhoza kukhala waufupi chonchi: Nthaŵi ya ng'oma ku Malaŵi, mténgo, Ŵ, ḿ. Mndandanda wa zilembo uja ndi wofunika chifukwa mapulogalamu ena, poonetsa chitsanzo, amabwereka mwakachetechete chilembo chosowa, fonti yoperewera n'kuoneka ngati yokwanira. BabelMap, yaulere pa Windows, imaonetsa mosabisa zilembo zimene fonti ili nazo, ndipo Hyperglot ya kampani ya Rosetta imafufuza ziyankhulo zimene fonti ingalembe.

Mafonti amene apambana mayesowo aikidwe m'gulu limodzi lolembedwa dzina lakuti Chichewa. Ntchito imeneyi imatenga masana amodzi, ndipo ikatha wosindikiza wa ku Kadoma safunikiranso kudziwa galamala ya Chichewa kuti asawononge mawu a kasitomala wake. Gulu lomwelo lithandizanso Atumbuka ndi Ayao, amene adabwera m'migodi yomweyo ndipo amalemba ŵ kawirikawiri kuposa Achewa, monga mu ŵanthu ndi ŵandu.

Oyenera kulowa m'gululo alipo kale, ndipo ndi aulere. Bungwe la SIL lidakonza Charis ndi Gentium, oyenera mabuku ndi mawu aatali, komanso Andika, wokonzedwera ongoyamba kuwerenga, amene zilembo zake zosokonezeka monga I wamkulu ndi l wamng'ono zimasiyana bwino. Noto ya Google idapangidwa ndi cholinga chothetsa timabokosi topanda kanthu tija. Onsewa ali pansi pa layisensi yotchedwa SIL Open Font License, imene idatuluka koyamba mu 2005. Layisensiyi imalola munthu kugwiritsa ntchito fonti pa malonda, kuipatsa mnzake, ndi kuisintha, malinga asaigulitse payokha, aisiye pansi pa layisensi yomweyo, ndipo asinthe dzina ngati mwini wake adalisunga. Tanthauzo lake kwa mlembi wa mpingo ndi lakuti akhoza kuika fonti pa kafulashi pamodzi ndi fayilo ya nyimbo, kupita nazo kwa wosindikiza aliyense, popanda kuba.

Mafonti olipira mwezi ndi mwezi, monga a Adobe Fonts, ndi okongola ndipo ambiri ali ndi ŵ. Koma amafuna khadi lolipirira ndalama zakunja, amafuna intaneti nthawi ndi nthawi, saloledwa kuperekedwa kwa wosindikiza ngati fayilo, ndipo malipiro akaima nawonso amazimiririka. M'dera limene magetsi amathima kwa maola ambiri ndipo data ndi yodula, kumanga mabuku a gulu pa maziko otere n'kusadziwa kumene munthu akukhala. Akuluakulu adati fodya wako ndi amene ali pamphuno. Fonti ya gulu ndi imene ili m'fayilo yake, yosadikira chilolezo cha mawa.

Nthawi yopanga kapena kukonza fonti imafika pamene fonti yokondedwa, yololedwa kusinthidwa, ilibe chilembo chofunika, kapena pamene wachinyamata waluso wafuna kujambula zilembo zakezake. Apa mapulogalamu odziwika ndi Glyphs ndi RoboFont, amene amagwira pa Mac pokha, FontLab imene imagwira pa Windows ndi Mac, ndi FontForge, imene George Williams adaiyamba chakumayambiriro kwa zaka za m'ma 2000. Atatu oyambawo ndi olipira. FontForge ndi yaulere, imagwira pa Windows, Mac ndi Linux, ndipo sifuna intaneti. Palinso BirdFont, yosavuta kwa woyamba kumene.

Chilungamo chake n'chakuti Glyphs ndi yosalala ndi yofulumira, ndipo akatswiri ambiri olemba mafonti amaikonda pa zifukwa zomveka. FontForge maonekedwe ake ndi achikale, ndipo nthawi zina imadzitseka ntchito ili mkati, motero wogwiritsa ntchito amaphunzira kusunga fayilo pafupipafupi. Komabe kwa gulu la ku Muzvezve, FontForge ndiyo iyenera kukhala poyambira. Chifukwa choyamba n'chakuti imalowa pa kompyuta imene ilipo kale, osati imene ikulotedwa. Chachiwiri n'chakuti ntchito imene Chichewa chikufuna imaitha bwinobwino: fonti ikakhala ndi w ndi katsindwi kale, FontForge imatha kuziphatikiza yokha n'kuika ŵ pa nambala yake yoyenera m'mphindi zochepa. Imathanso kuika timfundo tosaoneka timene timauza kachizindikiro ka liwu pamene kakhale pamwamba pa chilembo, kuti kasagwere pambali. Chachitatu n'chakuti luso lophunziridwa pa pulogalamu yaulere limaphunzitsika kwa wina mawa popanda kumupempha ndalama. Amene luso lake lakula mpaka kuyamba kudya nalo adzagula Glyphs kapena FontLab ndi phindu lake, ndipo adzachita bwino.

Ena anena kuti mtengo si nkhani, pakuti mapulogalamu obedwa amapezeka pamsika uliwonse. Kupatula za malamulo ndi mavayirasi amene amabwera nawo, fonti yopangidwa posintha fonti yamalonda popanda chilolezo siingagawidwe poyera. Siingaikidwe pa Google Fonts, siingaperekedwe ku sukulu kapena ku unduna, siingatchulidwe dzina la amene adaikonza. Ntchito ya chiyankhulo imene ikufuna kubisidwa siithandiza chiyankhulo, pakuti phindu lake lonse lili m'kufalikira.

Ntchito yachitatu, yosunga, ndiyo imanyozeka kwambiri. Mu Januwale 2023 kampani ya Adobe idasiya kulandira m'mapulogalamu ake mafonti a mtundu wa Type 1, mtundu umene kampaniyo idayambitsa yokha m'zaka za m'ma 1980 ndipo udasindikiza mabuku osawerengeka. Ngati mtundu wa fayilo wa kampani yaikulu chotero ungakalambe n'kutayidwa, gulu laling'ono liyenera kusamala kuposa apo. Fonti yomalizidwa isungidwe ngati OpenType kapena TrueType. Zojambula zake zoyambirira zisungidwenso mu UFO, mtundu wotseguka umene FontForge, Glyphs, FontLab ndi RoboFont onse amauwerenga, kuti ntchito isafe ndi pulogalamu imodzi. Fayilo ya layisensi iziyenda ndi fontiyo kulikonse. Mabuku omalizidwa asungidwe mu PDF imene mafonti ake aikidwa mkati, ndipo pambali pake pakhale mawu okhaokha m'fayilo wamba ya Unicode. Osindikiza ali ndi chizolowezi chosandutsa mawu kukhala mizere yojambula asanasindikize, kuti maonekedwe asasinthe. Pa chikwangwani n'zabwino. Koma fayilo yotere ikakhala yokhayo yotsala, mawuwo safufuzika, sakopereka, sakonzeka. Mbiri ya moyo wa munthu imene idawerengedwa pamaliro ake imasanduka chithunzi chabe.

Nkhodolero imafuna chisankho chakechake. Makompyuta ali ndi tizizindikiro tingapo tofanana nayo: kowongoka ka pa kiyibodi, kopindika kamene Microsoft Word imaika yokha, ndi kena ka U+02BC kamene Unicode imakaona ngati chilembo. Kwa diso n'zofanana, koma kwa mapulogalamu ena ofufuzira ng'ombe yolembedwa ndi kamodzi si ng'ombe yolembedwa ndi kena. Gulu lililonse lolemba kaundula kapena mtanthauziramawu lisankhe kamodzi n'kukakamira komweko. Wotayipa wozolowera Chishona auzidwenso kuti liwu limene iye amalemba n' monga mu n'anga, Chichewa chimalemba ng' monga mu sing'anga, ndi kuti n' wa Chichewa ndi chidule cha ndi. Fonti siingakonze cholakwa chimenechi, koma kapepala kamodzi komatidwa pakhoma la shopu kangathe. Kulemba ŵ nakonso sikovuta: mu Microsoft Word pa Windows munthu amalemba 0175 n'kudina Alt ndi X pamodzi, ndipo ofuna kiyibodi yokhazikika ali ndi Keyman, yaulere, yochokera ku SIL komweko.

Chitsutso champhamvu kwambiri n'chakuti ŵ akufa kale. Manyuzipepala a ku Malawi samulemba, achinyamata ambiri sasiyanitsa liwu lake ndi la w, ndipo akatswiri a ziyankhulo adanena kale kuti oyankhula ambiri alibe liwulo. Zonsezi n'zoona. Koma mabuku amene ali ndi ŵ adakalipo ndipo akuwerengedwa; Buku Loyera la mu 1998 ndi limodzi mwa iwo. Aliyense wokopera ndime ya m'menemo pa kapepala ka maliro ayenera kuikopera monga idalembedwera. Kuwonjezera apo, ngati ŵ ati apume, amupumitse ndi eni chiyankhulo, aphunzitsi, olemba mabuku ndi mabungwe monga Centre for Language Studies ya ku Zomba, atamvana. Asachotsedwe ndi fonti yokometsera imene mlendo wina adajambula osadziwa kuti kuli chiyankhulo chotchedwa Chichewa.

Chitsutso china n'chakuti kalembedwe ka Chichewa sikagwirizana kale: Malawi amalemba Chinyanja, Zambia ndi Mozambique amalemba Cinyanja, ndiye mafonti athandiza chiyani? Yankho n'lakuti kusiyana kumeneku fonti sikuikhudza. C ndi h zilipo m'fonti iliyonse. Pa zinthu zonse zimene olemba a ku Blantyre, Katete, Angónia, Lichinga ndi Kadoma amasiyana, mndandanda wa zilembo zofunika pa makina ndiwo angagwirizanepo lero, popanda wina kugonja. Ndipo mgwirizano waung'ono wotere umachititsa kuti mkangano waukulu wa kalembedwe ukambidwe pa zolembedwa zimene aliyense angathe kutsegula.

Chitsutso chachitatu n'chowawa: anthu a m'makomboni a migodi imene ina idatsekedwa ali ndi nkhawa zazikulu kuposa mafonti. Ambiri adavutika zaka zambiri ndi nkhani ya unzika, makamaka lamulo la mu 2001 litasintha, ndipo ena mpaka pano akuthamangira zitupa. Palibe fonti imene imapereka chitupa kapena ufa. Koma zimene zikupemphedwa pano sizifuna ndalama. Zimafuna kafulashi kamodzi ndi masana amodzi. Ndiponso anthu amene adakhala nthawi yaitali akutchedwa alendo m'dziko lobadwira amadziwa kuposa wina aliyense kulemera kwa dzina lolembedwa molondola.

Zimbabwe si dziko losowa aphunzitsi pa luso limeneli. Saki Mafundikwa adatsegula sukulu ya zojambulajambula ya ZIVA ku Harare mu 1999, ndipo buku lake la mu 2004, Afrikan Alphabets, lidakumbutsa dziko kuti Africa ili ndi zilembo zake. Taurai Valerie Mtake adapanga fonti ya Madimi One imene ili pa Google Fonts. Tapiwanashe Garikayi adajambulira pa kompyuta zilembo za Mwangwego, zimene Nolence Mwangwego wa ku Malawi adaziyamba mu 1979 n'kuzitulutsa poyera mu 1997. Nkhani ya Mwangwego ikutsimikiza mfundo yomweyi kuchokera mbali ina: pofika Unicode 17.0 ya mu 2025 zilembozo zidali zisanapatsidwe manambala ake, choncho ngakhale fonti itakongola bwanji, uthenga wolembedwa nazo sungayende momasuka kuchokera pa foni ina kupita pa ina. Chichewa cha zilembo za Chilatini chili ndi mwayi umene Mwangwego akuuyembekezera. Manambala ake onse alipo. Chosowa ndi chizolowezi chowagwiritsa ntchito.

Choncho dongosolo loyenera ndi ili. Mlembi wa mpingo, wa mzikiti kapena wa gulu la maliro ku Kadoma ndi Chegutu asunge mafonti anayi kapena asanu a layisensi yotseguka, ayesedwe ndi mzere uja, ndipo apite nawo kwa wosindikiza pamodzi ndi mawu. Wosindikiza aike NexusFont kapena FontBase n'kupanga gulu la Chichewa. Wophunzira amene ali ndi dzanja lojambula ayambe ndi FontForge, pa fonti yololedwa kusinthidwa, ndipo ntchito yake yoyamba ikhale kuwonjezera ŵ ndi ḿ pamalo ake enieni n'kubwezera fontiyo kwa anthu. Anzawo a ku Malawi, Zambia ndi Mozambique, amene ali ndi mabuku ndi aphunzitsi ochuluka, atumize mawu awo m'mafayilo otseguka osati m'zithunzi. Pepala loyesera lisindikizidwe ndi kuwerengedwa ndi munthu wodziwa Chichewa mazana enawo asanatuluke, ndipo koposa zonse mwala wa chiliza usanagobedwe.